Mayi Rute Muhiwa, Amene Anakana Lumo

Malemu anabadwa pamudzi pano pa Namatuni, kunsi kwa phiri, m'chaka cha 1879. Tsiku ndi mwezi sitikuzidziwa, ndipo sitipeka. Amayi awo ankangoti inali nyengo yodula mapira. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu, ndipo mfunda wawo ndi Nangondo. Mafumu, akulu a mpingo, abale ndi alendo nonse, banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya mayi Rute Muhiwa monga inayendera. Zina mwa zimene mumve n'zowawa, ndipo ena amene zikuwakhudza akhala pakati pathu pano. Palibe chimene tawonjezera.

M'chaka cha 1895 analowa sukulu ku Mulanje Mission ali kale namwali. Atsikana anali ochepa masiku amenewo, ndipo ambiri ankabwerera kwawo nyengo yolima ikafika. Iwo anakhalako zaka zitatu. Anaphunzira kuwerenga, kusoka, kuchapa ndi kusita. Kulemba sanakugwire bwino, ndipo eni ake ankanena poyera kuti dzanja lawo linamvana ndi simbi, osati pensulo. Anabatizidwa pa Khirisimasi ya 1898, nalandira dzina loti Rute.

Ku mishoni komweko ndi kumene anadziwana ndi a Jailosi Muhiwa. A Jailosi anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, m'dziko la Apwitikizi. Anawoloka mu 1894 pamodzi ndi akulu awo, a Pilato Muhiwa, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza. A Pilato anakhazikika pa esiteti ya mzungu wina, nagwira thangata mpaka anakwezedwa kukhala kapitawo. A Jailosi anasankha sukulu. Ukwati wawo ndi malemu unadalitsidwa mu Juni 1899. Yosefe anabadwa mu 1900, Esteri mu 1903. Mwana wachitatu anabadwa mu 1905 koma sanathe chaka.

Mu 1904 a Jailosi anatumizidwa kukaphunzitsa pasukulu ya kumudzi kufupi ndi Muloza, ndipo banja linasamukira komweko. Kutsidya kunali abale awo ambiri, choncho Lamulungu akamaliza mapemphero ankawoloka kukawaona. Zimene ankapeza sizinkawagonetsa. Mfumu ikafa, Apwitikizi sankafunsanso mbumba kuti alowe ufumu ndani. Ankangotenga mmodzi wa asipayi awo, ndiwo apolisi awo achikuda, n'kumukhazika pampando. Mwamuna akalephera msonkho ankagwira mkazi wake mpaka ndalama ipezeke. A Jailosi anayamba kulankhula. Mawu awo anali amodzimodzi kulikonse: mfumu isankhidwe ndi anthu amene izidzawaweruza, ndipo wokhoma msonkho akhale ndi pakamwa pabwalo. Malemu ankawachenjeza. Ankati, "Aphunzitsi, anthu akukuomberani m'manjawo, tsiku la chingwe adzakhala ali kumunda." Komabe kamba wa paulendo ankawakonzera, ndipo sanawatsekerepo chitseko.

Lamulungu pa 16 Ogasiti 1908, a Jailosi anasonkhana ndi akuluakulu a midzi inayi ya kutsidya kuti agwirizane zokapempha kwa bwana wa Apwitikizi. Asipayi anawapeza ali chikhalire. Akuluakulu aja anamenyedwa n'kumasulidwa. Mphunzitsi yekha anamangidwa unyolo n'kutengedwa kupita kugombe la nyanja yamchere, cha ku Kelimane. Sanaweruzidwe pabwalo lililonse. Nthawi imeneyo malemu anali oyembekezera, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anabereka Lettie, amene mukumuona wakhala pafupi ndi bokosiyo. Mwanayu nkhope ya bambo ake saidziwa.

Malemu sanadikire kuti achire kaye. Sabata yomweyo ya kumangidwa anayenda wapansi kukafika ku mishoni, ndipo m'busa wachizungu amene analipo anawaperekeza ku boma. Kumeneko anawafotokozera kuti munthu wokhala mbali ino ali pansi pa chitetezo cha Angelezi ngakhale atamangidwa kunja. Bwana wa ku boma analembera ku Zomba, a ku Zomba analembera kazembe wa Angelezi wokhala ku Kelimane, ndipo kazembeyo anapita kukafunsa. Apwitikizi anayankha kuti wobadwira kwawo ndi wawo. Angelezi anabweza kuti munthu wokhala kuno zaka khumi ndi zinayi, wokwatira kuno, wokhoma msonkho kuno, ndi wa kuno.

Nkhani ya maboma awiri imayenda mwa birimankhwe. Chaka chonse cha 1909 chinathera pa kukokanakokana kumeneku. Mwezi ukangoyamba malemu ankafika ku boma, mwana ali kumbuyo, n'kukhala pansi pakhonde. Amesenjala anafika powazolowera, moti ankawaonera patali n'kufuula kuti, "Sanayankhe, mayi, tembenukirani pomwepo!" Iwo ankakhala ndithu mpaka bwana awaone ndi maso. M'busa uja naye sanagone. Analembera mipingo ya kwawo ku Sikotilandi, ndipo ya kumeneko inayamba kufunsa mafunso amene boma silikanatha kuwanyalanyaza. Mu Febuluwale 1910 kunabwera yankho. Apwitikizi anavomera kuti mvula ikatha, m'mwezi wa Meyi, adzapereka a Jailosi pa doko la Muloza. Malemu anabwerera kunyumba, nazira pansi, nachapa jekete lakuda la amuna awo, nalisita, nalipachika pamsomali.

Tsopano ndafika pamene pavuta, ndipo ndipempha kuti mumvetsere mpaka ndimalize.

Mu Malichi 1910 munthu wina wonyamula katundu wa amalonda anafika kuchokera kugombe, nagona pakhomo pa a Pilato. Iye ananena kuti mphunzitsi wa ku Muloza anamwalira ndi kamwazi. Atafunsidwa bwino pambuyo pake, anavomera kuti mtembo sanauone. Anangomva kwa wophika wina. Mwezi womwewo chikuku chinalowa pa esiteti, ndipo a Pilato anaika ana awiri m'sabata imodzi. Tinene chilungamo: munthu woika ana awiri m'sabata imodzi saganiza monga timaganizira ife tonse. Anapita kukaombeza, ndipo ula unati pali mbale amene anafera kutali, alibe manda, ndipo mzimu wake ukulowa nyumba ndi nyumba kufuna pogona. Mwambo mukuudziwa. Munthu akafera kumene mtembo wake sungabwere, abale amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'chovala chake, kuliika m'manda ngati munthu, kenako onse amameta kuti maliro athe.

A Pilato anabwera kwa malemu kudzapempha chovala. Malemu anawakumbutsa kuti boma lalonjeza Meyi, ndipo anapempha kuti adikire miyezi iwiri yokha. A Pilato anati, "Alamu, pofika Meyi wanuyo ine ndidzakhala ndatsala ndi ana angati?" Malemu anayankha kuti, "Ndibweretsereni munthu amene anagwira mtembo ndi manja ake, ndimeta lero lomwe. Za wophika ayi." Anasiyana osagwirizana.

Loweruka pa 2 Epulo 1910, malemu ali kumunda, jekete lija linachotsedwa pamsomali. Tsiku lomwelo thunthu la nthochi linaikidwa kumanda a pa esiteti, ndi kulira konse koyenera. Patapita masiku ochepa abale onse a kuchimuna anameta, ndipo anatuma amayi awiri achikulire ndi lumo kwa malemu. Malemu anawalandira bwino, anawaphikira, nawabweza ndi lumo lawo.

Sabata yotsatira mesenjala wa boma anadutsa pa esiteti pa nkhani ya misewu. Anaona mitu yometa mudzi wonse, nafunsa kuti maliro ndi a yani. Anamuuza kuti ndi a mphunzitsi Jailosi. Iye anakanena kwa bwana wake monga anamvera. Bwanayo, amene dzina lake sitilitchula, anali akumanga katundu kupita kutchuthi kwawo. Sanaitane mkazi wa munthuyo. Sanatume wina kukafunsa chimene chinaikidwa m'manda. M'busa uja anali atasamutsidwa kale, choncho panalibe womutsutsa. Analembera ku Zomba kuti womangidwa uja wamwalira ndipo abale ake aika kale maliro. A ku Zomba anauza kazembe kuti asavutikenso, ndipo kazembe anauza Apwitikizi chimodzimodzi. Ntchito ya miyezi makumi awiri inathera pamenepo.

Malemu sanadziwe kanthu mpaka kumayambiriro kwa Meyi, pamene anafika ku boma kudzafunsa tsiku lopita kumtsinje. Womasulira ndiye anawauza. Anapempha kuonana ndi bwana, ndipo atalowa anafotokoza zonse mwadongosolo. Bwana anayankha kudzera mwa womasulira kuti boma silifukula manda. Malemu anati, "Muuzeni kuti akafukule. Akakapeza fupa ngakhale limodzi, andimange ine." Womasulira anaopa kutembenuza mawu amenewo, ndipo mesenjala anawatulutsa.

Kuyambira tsiku limenelo lumo silinakhudzenso mutu wa malemu. Anthu ambiri sanamvetse. Ankati ngati mwamuna wawo ali moyo, akulekeranji tsitsi ngati namfedwa? Yankho lawo linali lomveka: tsiku limene adzamete, kaya chifukwa cha kutentha kaya nsabwe, mudzi udzati avomera, ndipo boma lidzamva. Anali munthu mmodzi yekha m'dziko lino amene mutu wake unkatsutsa zimene boma linalemba.

Mtengo wake anaulipira. Nyumba ya pasukulu inafunika kwa mphunzitsi watsopano, ndipo mu Julayi 1910 anabwerera kuno ku Namatuni ndi ana atatu. A kuchimuna anabwera kawiri kudzawasudzula kuti akhale omasuka kukwatiwanso. Anakana kawiri konse. Amayi ena a pamudzi pano analeka kudya chakudya chothira mchere ndi dzanja la malemu, ati maliro sanawachoke m'thupi. Mwana akadwala, maso ankaloza kunyumba kwawo. Kuchitsime ana ankawaimba nyimbo ya tsitsi, ndipo makolo a anawo sankawaletsa. Ena mwa makolowo lero alira kwambiri, ndipo tawamva. Malemu anapeza ntchito yochapa ndi kusita ku chipatala cha mishoni, ndipo ndi ntchito imeneyo anadyetsa ana awo ngakhale pa njala ya 1912. Ulendo wa ku boma sanauleke, ngakhale kuti tsopano sankaloledwa kufika pakhonde.

Pa 19 Meyi 1913 pamudzi pano panafika mlendo wowonda, wa zipsera m'miyendo, akufunsa nyumba ya mkazi wa mphunzitsi. Anali a Elson Nikoroma, amene anathawa m'minda ya ngole ya kampani ina kugombe kuja. Ali pano lero, ndipo wokayika akhoza kuwafunsa. Iwo anakhala pa unyolo umodzi ndi a Jailosi zaka zitatu, ndipo anawasiya ali moyo mu Januwale 1913. Anafotokoza kuti zala za a Jailosi zinapindika chifukwa cha mbalamatodya, thabwa lobowolabowola limene amamenyera m'manja, koma ankaphunzitsabe anzawo zilembo polemba pamchenga ndi chala cha kuphazi. Anafotokozanso china. Mu Epulo 1910 a Jailosi anamasulidwa pa unyolo, anasambitsidwa, anapatsidwa nsalu yatsopano, nauzidwa kuti akupita kwawo. Anatsanzika anzawo onse, nagawa mbale yawo ndi mkeka wawo. Anadikira m'kachipinda ka pafupi ndi chipata pafupifupi mwezi. Kenako, popanda wowauza chifukwa, analandidwa nsalu ija n'kubwezedwa pa unyolo. Mpaka tsiku limene a Elson ankathawa, a Jailosi sankadziwa chimene chinalakwika.

Malemu anafunsa ngati amuna awo anatumiza mawu. A Elson anati anawatuma funso limodzi lokha: mwana uja anabadwa wamwamuna kapena wamkazi? Amene analipo akuti malemu sanalire. Anaitana Lettie, namuimika patsogolo pa mlendoyo kuti amuone bwino.

A Pilato atamva anabwera ndi nkhuku yopepesera. Malemu anati, "Alamu, nkhukuyi bwererani nayo, ana anu akadye. Ine ndikufuna miyendo yanu. Tiyeni ku boma mukanene ndi pakamwa panu chimene munaika m'manda." A Pilato analonjeza kuti apita akamaliza kukolola. Mzungu wa pa esiteti anali atawachenjeza kuti kapitawo wake akakaoneka ku boma pa nkhani ya munthu wosokoneza, achoke pamalo pake ndi banja lonse. Zokolola zapita zisanu. Sanapite.

Malemu anapita ndi a Elson okha. Bwana watsopano anati mawu a munthu wothawa si umboni, ndipo amene anaika maliro ndiwo ayenera kubwera kudzanena kuti m'mandamo mulibe mtembo. Komabe, atakakamizidwa ndi akulu a mpingo, anavomera kulembanso. Yankho la Apwitikizi linafika mu Juni 1914, ndipo linali lalifupi: boma lanu lomwe linatiuza kuti munthuyu anafa, ndipo ife sitisunga akufa. Kazembe analonjeza kuti mu Seputembala adzapita yekha kumindako kukaona. Mu Ogasiti nkhondo ya Ajeremani inayamba, ndipo ulendowo sunachitike.

Chitachitika chipolowe choukira azungu cha mu Januwale 1915, boma silinafunenso kumva za mphunzitsi aliyense wolankhula za mabwalo ndi mafumu. Malemu atafika monga mwa chizolowezi chawo, anatsekeredwa masiku awiri n'kufunsidwa kuti amuna awo ankalemberana ndi yani. Anayankha kuti munthu wakufa salemba, ndipo ngati boma likuganiza kuti amalemba, ndiye kuti lavomera kuti ali moyo. Kenako anawatulutsa. Mu 1916 Apwitikizi analowa nkhondo kumbali ya Angelezi, ndipo womasulira anawauza mwachifundo kuti asadzivutenso, pakuti palibe boma limene lingakwiyitse bwenzi lake pa nkhondo chifukwa cha mphunzitsi mmodzi. Chaka chomwecho boma limene linalephera kubweza bambo linatenga mwana: Yosefe analembedwa utengatenga, napita kumpoto ndi katundu wa asilikali pamutu. Uthenga womaliza wa a Jailosi unafika mu Meyi 1916 kudzera mwa munthu wina wothawa, ndipo unati ali moyo koma maso ayamba kuchita khungu.

Matenda a malemu anayamba mu Juni chaka chino. Anapita ku boma kunja kuli chiperoni, nabwerera atanyowa, ndipo chifuwa chinawagwira osawasiyanso. Mu Ogasiti anagonekedwa ku chipatala cha mishoni, kumene anagwirako ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Anasamalidwa bwino. Thupi litatentha kwambiri, anamwino anapempha kuti awadule tsitsi kuti mutu upepuke. Anakana, ndipo anamwino analemekeza kukana kwawo. Kumapeto kwa Seputembala anapempha kuti abwerere kumudzi. Lamulungu lapitali anaitana Esteri, namuuza zinthu ziwiri. Choyamba, amene adzawasambitse asayandikize lumo. Chachiwiri anati, "Bambo ako akadzafika, usadzathamangire kuwaonetsa manda anga. Adzayambe adya." Anatisiya dzulo m'mawa, Lachiwiri pa 9 Okutobala 1917, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Amayi amene asambitsa thupi achita monga anapemphera.

Malemu asiya amuna awo, a Jailosi Muhiwa, amene ali m'manja mwa Apwitikizi zaka zisanu ndi zinayi tsopano. Sitinamve kwa munthu aliyense amene anagwira mtembo wawo, choncho tikuwawerenga pakati pa amoyo, ndipo tikuwatchula poyamba. Sakudziwa kuti tasonkhana pano. Asiyanso ana atatu: Yosefe, amene ali ku nkhondo ndipo uthenga sunamupeze, Esteri, ndi Lettie. Asiya alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi, amene atenge anawa.

Banja likuthokoza anamwino ndi anzawo a malemu ochapa ku chipatala, amene ankabwera kudzawatembenuza pamphasa. Likuthokoza akulu a mpingo amene sanatope kupita nawo ku boma, a Elson Nikoroma amene anayenda ulendo wautali kudzapereka funso la mnzawo, adzukulu amene akumba manda panthaka youma ya mwezi uno, ndi amayi amene agona pano. Likuthokozanso a kuchimuna chifukwa chobwera.

Pomaliza, eni mbumba andituma kuti ndinene chimene agwirizana. Maliro ano tiika lero, koma sitimeta. Palibe wa banja lino amene akhudze lumo mpaka a Pilato Muhiwa atapita ku boma, pamodzi ndi akulu a mpingo awiri, kukanena kuti chimene chili m'manda a pa esiteti ndi nthochi. Akachotsedwa pamalo pawo chifukwa cha zimenezi, amfumu a Namatuni avomera kuwapatsa munda ndi poika nyumba, choncho chowaletsa palibenso. A Pilato, mwamva. Mlandu suwola, ndipo mng'ono wanu akadali pa unyolo. Akafunsa mesenjala kuti mudzi uno ukulekeranji tsitsi, tidzamuuza.

Mayi Rute, a Nangondo, mwayenda mokwanira. Ulendo wa ku boma tiyenda ndife. Mzimu wanu uuse mumtendere.